Zipangizo za Malemu

Hamala yoyamba ndinaigula chifukwa cha mkwiyo. Chinali chaka chija pulayimale inakhala yaulere, ana n'kudzaza m'makalasi mpaka pakhomo. Ine ndinkaphunzitsa sitandade 3, ndipo madesiki ochepa amene tinali nawo ankathyoka sabata iliyonse. Ndikakanena kwa akuluakulu a pasukulupo, ankati tikudikira mmisiri. Mmisiriyo ndikhulupirira kuti mpaka lero akadali m'njira. Nditatopa kukhoma misomali ndi mwala, Loweruka lina ndinatsikira kumsika wa Zomba n'kugula hamala yong'aluka mpini kwa anthu ogulitsa zitsulo zakale.

Kuseri kwa msikawo kunali kalipentala wina wachikulire, Msilamu wa ndevu zoyera, amene ankapanga zitseko pansi pa mtengo. Ndinazolowera kuima chapatali n'kumaonerera manja ake, dengu la tomato lili pamutu.

Tsiku lina anandiitana. "Amayi, aka n'kachitatu mukuima pamenepo. Mukufuna chitseko?"

"Iyayi bambo. Ndikufuna kudziwa chifukwa chake msomali wanga umang'amba thabwa pomwe wanu sung'amba."

Sanaseke. Anatenga msomali, anaugogoda kunsonga kuti ubunthe pang'ono, n'kundipatsa hamala yake kuti ndikhome ndekha. Thabwa silinang'ambike. Kuyambira tsiku limenelo Loweruka lililonse ndinkachedwa kumsika, ndipo kunyumba ankaganiza kuti ndine munthu wovuta posankha ndiwo.

Zipangizo zinabwera chimodzichimodzi, pa zaka zambiri. Sowo anandigulitsa mkulu yemweyo atapeza yatsopano. Matchizulo anayi osemera matabwa ndinawatola kwa ogulitsa osiyanasiyana, ndipo panalibe awiri ofanana mpini. Kenako sikweya yoyezera makona, tupa, chobowolera, ndi mwala wonolera. Puleni, yopalira matabwa kuti asalale, ndinaipeza pa banja lina limene linkagulitsa katundu posamukira ku Lilongwe, nthawi ija maofesi ankachoka muno. Mayi wa pabanjapo anandifunsa ngati abambo andituma. Ndinavomera kuti zithe msanga, ndinaikulunga puleniyo m'chitenje n'kubwera nayo kwathu ku Chinamwali nditaifungata ngati khanda.

Kuseri kwa nyumba yathu kunali kashedi kosungiramo nkhuni ndi makala. Nkhuni ndinazitulutsa. Ndinapanga benchi yogwirirapo ntchito, yolemera yoti amuna awiri sangainyamule, ndinaiika pansi pa zenera kuti kuwala kuzigwera pamanja. Misomali ndinaigawa m'zitini za mkaka, yaitali kwayokha, yaifupi kwayokha. Matabwa a paini amene ocheka amatsika nawo kuphiri amabwera aawisi, ndiye ndinaphunzira kuwasanja ndi timitengo pakati kuti mphepo izidutsa, apo ayi amapindika chitseko chisanathe n'komwe. Muno chinyezi n'chambiri. Nkhungu ikatsika kuphiri m'miyezi yozizira, chitsulo chimagwira dzimbiri ukuchiona, choncho Lachisanu lililonse ndinkapukuta chilichonse ndi kansalu ka mafuta.

Koma chimene ndinkanyadira kwambiri linali thabwa la pakhoma. Ndinalipaka utoto woyera, ndinapachikapo chipangizo chilichonse pa msomali wake, n'kuzunguliza ndi utoto wakuda kuti maonekedwe ake atsale pamenepo. Ukachotsa sowo, pankatsala chithunzi cha sowo. Ndikangolowa pakhomo ndinkadziwa chimene chasowa ndisanatule n'komwe chikwama cha kusukulu. Ndinkadziyesa wanzeru zedi.

Amuna anga anali kalaliki ku ofesi ina ya boma. Anali munthu wofatsa, wa manja ofewa, wolemba zooneka bwino, ndipo sanandiletsepo ntchito yangayi. Loweruka ankandibweretsera tiyi kushediko, n'kukhala pa mpando ndi nyuzipepala kumandiwerengera za ndale ine ndikupala thabwa. Ndikawapempha kuti andigwirire kumapeto kwa thabwa lalitali ankagwira, koma akuyang'ana kumbali kuopa utuchi. Msomali anayesapo kukhoma kamodzi, ndipo chala chinatupa sabata yathunthu.

Bodza linayamba ndi kabati. Ndinapanga kabati ya mbale ya mtengo wa mlombwa, ya zitseko zagalasi, n'kuiika pabalaza. Amayi a kumpingo atabwera kudzatichezera anaizungulira, anaisisita, kenako mmodzi wa iwo anatembenukira kwa amuna anga.

"Koma abambo, luso lonseli mumatibisira?"

Ine ndinali pakhomo ndi tiyi m'manja. Ndinadikira kuti awongole. Iwo anaseka chamanyazi n'kunena kuti, "Timayesako pang'ono."

Alendo atapita ndinafunsa amuna anga kuti timayesako ndani. Anandigwira dzanja n'kunena motsitsa mawu: "Amayi, taganizani. Anthu azinena kuti pakhomo paja mkazi ndiye amagwira sowo, mwamuna ali phee ndi nyuzipepala. Kuntchito ndizikayenda bwanji? Ife tikudziwa zoona zake, si zokwanira?"

Ndinaganiza kuti n'zokwaniradi. Ndinawamvera chisoni, ndipo ndinkawakonda. Tinakulira m'dziko loti mkazi amasungira mwamuna wake ulemu, ndiye ndinausunga. Shedi inali kuseri, kutali ndi msewu, ndipo palibe ankaona amene akucheka.

Kenako anagula pensulo. Inali pensulo yofiira, yaphwatalala, ija amagwiritsa ntchito makalipentala. Munthu akabwera kudzafunsa za mpando kapena chitseko, iwo ankathamangira kushedi, ankaitenga n'kuipanira kukhutu, n'kutuluka akupukuta manja oyera kale. Ankamvetsera mwachidwi, akugwedeza mutu, n'kunena kuti aona kaye matabwa. Kuona matabwako kunali kudzandifunsa ine. Poyamba zinkandipsetsa mtima, kenako zinayamba kundiseketsa, mpaka ndinaikhomera pensuloyo msomali wake pakona ya thabwa loyera lija, ndi kachingwe kopachikira. Ndinaizunguliza utoto wakuda ngati zinzake. Iwo ataona anaseka mpaka misozi.

Tinakhala choncho zaka zoposa khumi ndi zisanu. Mabenchi asanu ndi limodzi a kutsogolo m'tchalitchi mwathu ndinapanga ine, ndipo tsiku lowapereka amene anaimirira kuomberedwa m'manja anali amuna anga. Ine ndinaomba nawo.

Anadwala miyezi iwiri yokha. Pamaliro pawo mkulu wa mpingo anaimirira kunena mbiri yawo, ndipo atamaliza za kuntchito anati, "Amene mwakhala pa mabenchi a kutsogolo kwathu kuja, dziwani kuti manja amene anawapanga agona lero." Anthu anabuula. Ine ndinali pansi nditafunda chitenje kumutu, ndikulira mwamuna wanga, koma mawu amenewo anandilowa m'khutu bwinobwino. Namfedwa sadzuka pamaliro kukatsutsa mkulu wa mpingo. Ndinangolumira mano.

M'mawa wa tsiku lachiwiri titaika maliro, achibale anakhala pabwalo kuti agawe katundu wa malemu, monga mwa mwambo. Wotsogolera anali malume awo, ochokera kumudzi kwawo kutsidya kwa mtsinje wa Likangala. Pambali pawo panali alamu anga, mng'ono wa malemuwo. Mbali yathu kunali achimwene anga, amene ndiwo anali nkhoswe yanga. Anatulutsa majekete, nsapato, wailesi ndi njinga. Ine sindinatsutse chilichonse, zinali zawodi. Ndinkangofuna kuti anthu athe, ndikagone.

Ndiye alamu anakhosomola. "Nanga zipangizo, amalume?"

Ndisanamvetse n'komwe, amuna anayi anali atanyamuka kulowera kuseri. Ndinawatsatira. Ndinawapeza ataima m'shedi mwanga ndi nsapato zamatope, akuyamikira.

"Koma achimwene anali munthu wa dongosolo," anatero alamu. "Taonani, chilichonse pamalo pake."

"Zipangizozi ndi zanga," ndinatero.

Palibe anatembenuka. Ndinabwereza mokweza. Amalumewo anandiyang'ana mwachifundo, chifundo chija chimene amachitira munthu amene mutu wasokonekera.

"Asiyeni, n'chisoni chimenecho. Mayi, nyumba takusiyirani, mipando takusiyirani. Zitsulozi ndi za mwamuna, zipite kwa mng'ono wake azidyera."

"Ndinagula ndine. Amene amazigwiritsa ntchito ndine. Mabenchi a kutchalitchi aja ndinapanga ine."

Wina anaseka, n'kudzigwira pakamwa pokumbukira kuti ali pamaliro. Ndinawaonetsa zikhatho zanga, zolimba ngati chikopa, ndi chipsera cha tchizulo pachala chachikulu. Amalume anati mkazi aliyense wogwira khasu ndi munsi manja ake amakhala otero. Ine khasu ndinali nditasiya kugwira ndili mtsikana.

Mayi woyandikana nafe nyumba anali pakhomo la shediyo ndi ndowa ya madzi. Mayi ameneyu kwa zaka zonsezi ankamva sowo ikulira masana, amuna anga ali ku ofesi, ndipo kangapo konse anabwera kudzapempha utuchi n'kundipeza ndili pa benchi. Ndinamuyang'ana kuti anenepo kanthu. Iye anayang'ana ndowa yake. Achimwene anga enieni anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti, "Achemwali, musatichititse manyazi. Mukufuna anthu azinena kuti mukulimbirana mahamala mwamuna wanu asanazizire? Muzitani nazo?"

Anayamba kutsitsa zinthu n'kumaponya m'thumba la chimanga, sowo pamodzi ndi matchizulo, puleni pamwamba pa hamala, chitsulo kugundana ndi chitsulo. Kugunda kulikonse ndinkakumva m'mano. Ndipo thabwa langa loyera lija, nzeru zanga zija, ndilo linawathandiza kuti asasiye kanthu. Alamu analoza chithunzi chimodzi chimene anachipeza chili chopanda kanthu.

"Apa panali tchizulo yaing'ono. Ili kuti, alamu?"

Inali m'kabati ya kuchipinda, mmene ndinaisiya tsiku limene ndinkakonza loko, amuna anga n'kuyamba kudandaula za m'chifuwa. Ndinayankha kuti sindikudziwa.

"Mwayamba kale kubisa katundu wa malemu?"

Ine, kuba tchizulo yanga, m'nyumba mwanga, ndipo umboni wake chithunzi chojambula ine ndemwe. Mpaka lero ndikakumbukira mawu amenewo thupi limanditentha. Sindinawapatse. Benchi sanavutike nayo poona kulemera kwake, ndipo pensulo anaisiya pakona pake chifukwa sanaione ngati kanthu.

Miyezi inayi ndinkalowa m'shedimo n'kumayang'ana zithunzi zakuda pakhoma loyera. Ndinakwiyira alamu, amalume, achimwene anga ndi mayi wa ndowa uja. Ndinakwiyira mkulu wa mpingo, ndipo Lamlungu ndinkakhala kumbuyo kuti ndisaone mabenchi aja. Koma amene ndinawakwiyira kwambiri anali amuna anga, amene anapita ndi ulemu wawo wonse n'kundisiya ndi khoma lopanda kanthu. Ndikatopa kuwakwiyira ndinkakumbukira kuti kumsika kuja, pogula puleni paja, pa kabati paja, pakamwa ndinali napo.

Loweruka lina m'mawa ndikusesa pakhonde, kabaza anaima pamsewu. Anatsika alamu ndi thumba la chimanga lija, chala chimodzi atachimanga nsalu. Anakhala pa mpando, tinapatsana moni, anafunsa za ana, anafunsa za mvula. Kenako analoza thumbalo.

"Alamu, zinthuzi zatikana."

"Zakukanani bwanji?"

"Ndinalandira ntchito ya chitseko. Sowo ikungokhota. Puleniyi ikungodumpha, osapala. Tchizulo inandidya chala ichi. Ndiye tinakafunsa kwa anthu odziwa, akuti malemu sanakondwe, mtima wawo ukadali pa zipangizo zawo. Akuti zibwerere pamalo pomwe ankazisunga, zizingokhala pomwepo."

Ndinakhuthula thumbalo pakhonde. Dzimbiri linali paliponse. Sowo inali itachekera nkhuni, mano ena atagona. Tchizulo yaikulu nsonga yake inali itabenthuka, zikuoneka kuti ankatsegulira zitini. Sikweya ndi chobowolera munalibe, ndipo nditafunsa anati ana. Ndinatenga puleni n'kuitembenuza. Mpeni wake anali atauika chadodolido, ndipo unali wobuntha woti sungadule ngakhale nthochi. Malemu amene ankawanenawo anali amenewo.

Ndikanatha kungothokoza. Zipangizo zinali zitabwera zokha, popanda mlandu, ndipo zikanakhala zanga mpaka kufa bola ndivomere kuti akuzilondera ndi mzimu wa amuna anga. Ndinaona kuti ngakhale kubwerera kwake akufuna kuwapatsa iwo omwewo. Pamenepo ndiye mtima unandikwera.

Ndinalowa kuseri n'kubwera ndi mwala wonolera, mafuta ndi thabwa la paini. Sindinabwerere kushedi. Ndinakhala pakhonde pomwepo, moyang'ana msewu wa anthu onse a ku Chinamwali, ndinamasula puleni, ndinanola mpeni mpaka unameta ubweya wa pamkono panga. Ndinaubwezera moyenera, ndinatsamiritsa thabwa ku chipilala cha khonde, n'kukankha. Puleni inalira kulira kwake kuja kumene ndinakusowa miyezi inayi, ndipo chipalo choyamba chinatuluka chachitali, chopotana, chopyapyala choti ungaonere dzuwa. Ndinapala mbali yonse osapuma. Wakabaza uja anali asanapite. Amayi awiri ochokera kumjigo anaima ndi ndowa pamutu, ndipo mayi woyandikana nafe uja anasuzumira pampanda.

Alamu anadzuka, anasisita thabwalo ndi dzanja labwinolo, anapukusa mutu mogoma.

"Koma achimwene anakuphunzitsani bwino, alamu."

Ndinaika puleni pansi bwinobwino, cham'mbali, kuti mpeni usakhudze simenti. Ndinapita kushedi, ndinatsitsa pensulo yofiira ija pa msomali wake, n'kubwera nayo.

"Alamu, achimwene anu anali munthu wabwino. Ankadziwa kulemba, ankadziwa kufulula tiyi, sanandikwezerepo dzanja. Koma msomali anakhomapo umodzi moyo wawo wonse, ndipo anakhoma chala. Kabati ili m'nyumbamu, mabenchi a kutchalitchi, chitseko chimene munalowera pobwera kudzandilanda zinthu zanga, zonsezo ndi manja awa. Munkafuna chipangizo cha malemu? Ndi ichi. Ankachiika kukhutu alendo akabwera. Tengani, ndi cholowa chanu."

Ndinanena mokweza, ndipo onse anamva. Amayi a ndowa aja anayang'anizana. Wakabaza anaseka poyera, ndipo kuseka kwakeko kunandibaya, chifukwa amene ankasekedwa sanali alamu. Alamuwo analandira pensuloyo ndi manja awiri, mwina posowa chochita, anaiika m'thumba la malaya n'kukwera kabaza osatsanzika.

Pofika Lamlungu nkhani inali itazungulira mpingo wonse. Ena anati ndanyoza wakufa. Ena anabwera mwakachetechete kudzafunsa ngati ndingawapangire mpando, ndipo mayi woyandikana nafe uja anati iye ankadziwa kalekale. Ndinamufunsa kuti pakamwa pake panali kuti tsiku lija, ndipo kuyambira pamenepo timangopatsana moni. Benchi ndinaitulutsa ndi amuna anayi, ili pakhonde la kutsogolo mpaka lero. Sowo ndinaikonza mano limodzilimodzi ndi tupa, sikweya ndi chobowolera ndinagula zina, ndipo tchizulo yaing'ono ija ndinaitulutsa m'kabati n'kuibwezera pa chithunzi chake.

Sindinong'oneza bondo kuti ndinanena zoona. Ndikanayenera kunena tsiku la kabati lija, iwo ali moyo, tikanakangana sabata imodzi n'kuseka. M'malo mwake ndinadikira mpaka atalephera kudziyankhira, n'kuwavula pamaso pa wakabaza. Zimenezo zimandiwawa, ndipo zimandikwiyitsanso kuti zikundiwawa.

Chaka chotsatira ndinakumana ndi alamu pamaliro ena kumudzi kwawo. Ndinadikira mpaka anthu atachepa, ndinawakokera pambali, n'kuwafunsa ngati pensulo ija akadali nayo. Anaganiza kanthawi asanakumbukire. Anati anapatsa ana apite nayo kusukulu, ndipo inatha kalekale.

Thabwa loyera lija likadali m'shedi, ndipo madzulo aliwonse ndimabwezera chilichonse pamalo pake. Zithunzi zonse zimadzaza, kupatula chimodzi cha pakona. Pensulo zotero zilipo zambiri kumsika, ndipo ndimagula ndithu zolembera matabwa, koma ndimazisunga m'chitini cha misomali.